Pamtunda samwerana madzi, panyanja amawerenga nsomba limodzi

Kumapeto kwa chaka cha 2024, nkhondo ya ku Ukraine ili mkati, nthumwi za maiko a Norway ndi Russia zidagwirizana kuti m'chaka cha 2025 asodzi onse pamodzi asaphe nsomba za mtundu wa cod zoposa matani 340,000 m'nyanja yamchere ya Barents, kumpoto kwenikweni kwa Ulaya. Mlingowu udatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi wa chaka cha 2024, ndipo udali wochepetsetsa chiyambire 1991. Kwa eni sitima ndi ogwira ntchito m'mafakitale a nsomba m'madoko a maiko awiriwa, iyi idali nkhani yowawa. Komabe maboma onse awiri adasaina.

Maiko awiriwa samwerana madzi masiku ano. Dziko la Norway lili m'gulu la asilikali la NATO, ndipo lidagwirizana ndi maiko ena a ku Ulaya poika ziletso pa malonda a Russia. Ubale wambiri wa pakati pa maboma awiriwa udaima mu 2022, koma zokambirana za nsomba zidapitirira, ngakhale nthumwi zidayamba kukumana pa intaneti. Chomwe chawagwirizira mpaka lero ndi ntchito imene akatswiri a sayansi a mbali ziwirizi akhala akugwira limodzi kwa zaka zoposa 60: kuwerenga nsomba zomwe zili m'nyanjayi ndi kutulutsa chiwerengero chimodzi chomwe palibe boma limene lingachikane ponena kuti nchabodza cha mnzake.

Wina ali ndi khola, wina ali ndi busa

Gulu la cod la m'nyanja ya Barents ndilo lalikulu kuposa magulu onse a nsomba za mtunduwu padziko lapansi. Nsombayi imatha kutalika kupitirira mita imodzi ndi kukhala ndi moyo zaka zoposa 20. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Norway akhala akuiyanika pamitengo kapena kuithira mchere, ndipo amaigulitsa ku Italy, ku Portugal ndi ku Nigeria. Apwitikizi amaitchula bacalhau, dzina lomwe lidabala mawu oti bakayawo, ngakhale bakayawo wa m'misika ya kuno kawirikawiri amakhala nsomba za mitundu ina.

Moyo wa nsombayi ndiwo umakakamiza maiko awiriwa kukhala pamodzi. Chaka chilichonse, pakati pa Febuluwale ndi Epulo, nsomba zikuluzikulu zimasambira ulendo wautali kupita kugombe la Norway, makamaka kuzilumba za Lofoten, kukaikira mazira. Mazirawo amayandama, ndipo mkokomo wa madzi umawatenga pamodzi ndi tiana tongoswedwa kumene n'kupita nato kumpoto ndi kummawa, mtunda wa makilomita mazana ambiri. Tiana tambiri timakakulira chakummawa kwa nyanja ya Barents, kumbali ya Russia. Pakatha zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, nsombazo zikakhwima, zimayamba ulendo wobwerera ku Lofoten.

Apa wina ali ndi khola, wina ali ndi busa. Asodzi a ku Russia atati azikokolola nsomba zazing'ono m'madzi awo, ku Lofoten sikungafike zoikira mazira. Asodzi a ku Norway atati azimaliza zikuluzikulu pamene zasonkhana kuti ziswane, madzi a Russia angakhale opanda kanthu pakatha zaka zochepa. Ndiponso dziko lililonse likamafufuza m'madzi ake okha, limangoona theka la moyo wa nsombayi, ndipo theka silokwanira kudziwa ngati gululo likukula kapena likutha.

Maziko adakumbidwa mu 1902

Ganizo loti maiko azifufuza za m'nyanja mogwirizana lidabadwa kalekale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, sitima zoyendera malasha zokoka makoka aakulu zidachuluka m'nyanja ya North Sea, ndipo anthu adayamba kuda nkhawa kuti nsomba zikutha. Mu 1902, mumzinda wa Copenhagen, maiko asanu ndi atatu, omwe ndi Denmark, Finland, Germany, Netherlands, Norway, Russia, Sweden ndi Britain, adakhazikitsa bungwe la International Council for the Exploration of the Sea, lomwe mwachidule limatchedwa ICES. Bungweli liribe mphamvu yolamula boma lililonse. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa akatswiri, kuunika zomwe apeza ndi kulangiza maboma kuchuluka kwa nsomba zomwe zingaphedwe popanda kuwononga mbewu.

Mmodzi mwa akatswiri oyambirira a bungweli, Johan Hjort wa ku Norway, adasintha kaganizidwe ka anthu ndi lipoti lake la mu 1914. Iye ndi anzake adagwiritsa ntchito mizere ya pamamba a nsomba, yomwe imaonjezereka chaka ndi chaka ngati mizere ya mkati mwa thunthu la mtengo, kuti adziwe zaka za nsomba iliyonse. Adapeza kuti kwa zaka zingapo zotsatizana, nsomba zambiri za mtundu wa herring zomwe asodzi a ku Norway ankagwira zidali zobadwa chaka chimodzi, cha 1904. Izi zidaonetsa kuti zaka zina tiana ta nsomba timapulumuka tambirimbiri, zaka zina timafa pafupifupi tonse, ndipo kuchuluka kwa nsomba m'tsogolo kumadalira zimenezi. Kuyambira pamenepo zidadziwika kuti kuyeza kulemera kwa nsomba zomwe zafika padoko sikokwanira. Wofufuza ayenera kudziwanso misinkhu yake.

Pamaziko amenewa mpamene akatswiri a ku Institute of Marine Research mumzinda wa Bergen ndi anzawo a ku PINRO mumzinda wa Murmansk adayamba kuyenderana kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, udani wa maiko a azungu ndi Soviet Union uli pachimake. Mu 1965 adayamba kafukufuku wa chaka ndi chaka wowerengera limodzi tiana ta nsomba tobadwa chaka chomwecho, ndipo kafukufukuyu akuchitikabe.

Kuwerenga chinthu chosaoneka

Palibe amene angawerenge nsomba imodziimodzi m'nyanja ya makilomita 1.4 miliyoni m'litali ndi m'lifupi mwake pophatikiza. Akatswiri amasonkhanitsa umboni wa mitundu ingapo n'kuuluka pamodzi.

Umboni woyamba umachokera kwa asodzi: matani omwe agwira, malo ndi nthawi. Pa nsomba zogwidwazo ofufuza amatengapo zina n'kuziyeza utali ndi kulemera, kenaka amatsegula mutu n'kuchotsamo timiyala ta m'khutu. Timiyalati timakhala ndi mizere yosonyeza zaka, ndipo kwa cod ndi todalirika kuposa mamba. Pofuna kuti nsomba ya zaka zisanu ku Bergen isakhale ya zaka zisanu ndi chimodzi ku Murmansk, mabungwe awiriwa amatumizirana timiyalati, aliyense n'kuwerenga payekha, kenaka n'kuyerekeza mayankho.

Umboni wachiwiri umachokera ku sitima za kafukufuku. M'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala sitima za maiko awiriwa zimagawana nyanja n'kuyenda m'njira zokonzedweratu. Pansi pa sitima pamakhala makina otumiza phokoso m'madzi. Phokosolo likagunda gulu la nsomba limabwerera, ndipo mphamvu ya kubwerera kwake imasonyeza kuchuluka kwa nsombazo. Pamalo osankhidwa amaponya khoka la mtundu umodzi, kulikoka kwa nthawi yofanana ndi liwiro lofanana. Msodzi amathamangira komwe kuli nsomba, pamene wofufuza amaponya khoka pamalo omwewo chaka ndi chaka, kaya pali nsomba kaya palibe, chifukwa khoka lotuluka lopanda kanthu nalonso ndi yankho.

Umboni wachitatu uli m'mimba mwa nsombayo. Kuyambira 1984, mabungwe awiriwa akhala akutsegula mimba za cod ndi kusunga pamodzi zomwe apeza. Chakudya chachikulu cha cod ndi capelin, kansomba kakang'ono ka msinkhu woyandikira wa usipa, komwe nakonso asodzi amakafuna. Chifukwa cha kafukufukuyu, akatswiri asanalangize za mlingo wa capelin amayamba achotsera zomwe cod idzadye, kenaka zofunika kutsala kuti ziswane. Asodzi amapatsidwa zotsala, ndipo zikapanda kutsala usodzi wa capelin umatsekedwa, monga zidachitikira mu 2025.

Zonsezi zimalowetsedwa m'kompyuta, momwe masamu amatsatira gulu lililonse la nsomba zobadwa chaka chimodzi kuyambira ubwana mpaka kutha kwake. Yankho lake silikhala lenileni ngati la pasikelo, ndipo limakonzedwanso chaka chilichonse umboni watsopano ukabwera. Mphamvu yake ili poti mbali zonse zidaona mmene lapezekera.

Kuchokera ku chiwerengero kufika ku mlingo

Mu 1975, pamene maiko ambiri ankakonzekera kutambasula malire awo a panyanja kufika makilomita 370 kuchokera kugombe, Norway ndi Soviet Union adasainirana pangano lokhazikitsa komiti yoyang'anira usodzi, yomwe idakumana koyamba mu 1976. Adagwirizana kugawana cod pakati ndi pakati, atachotsa gawo la maiko ena, ndipo capelin adagawana magawo 60 kwa Norway, 40 kwa Soviet Union. Adalolananso kuti sitima za dziko lina zizipha gawo la mlingo wawo m'madzi a linzake. Mfundo imeneyi idapatsa asodzi a ku Russia mwayi wopha nsomba zikuluzikulu chakumadzulo m'malo mosakaza zazing'ono kwawo. Zonsezi zidatheka ngakhale maiko awiriwa ankalimbirana dera la panyanja la makilomita 175,000 m'bwalo lake, mkangano womwe udatha ndi pangano la ku Murmansk mu 2010.

Njira siidali yosalala. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 capelin idatha mwadzidzidzi, cod idaonda n'kuyamba kudya ana ake omwe, ndipo mu 1990 mlingo udagwa kufika matani 160,000. Gululo litachira, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 komitiyo idayamba kuika milingo yoposa yomwe akatswiri ankalangiza, chifukwa nthumwi iliyonse inkafuna kubwerera kwawo ndi nkhani yosangalatsa asodzi.

Mankhwala ake adapezeka mu 2002, pamene maiko awiriwa adagwirizana za lamulo lowerengetsera mlingo, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2004. Lamuloli limaneneratu gawo la nsomba lomwe lingaphedwe, limaletsa mlingo kukwera kapena kutsika mopitirira muyezo chaka chimodzi, ndipo limalamula kuti nsomba zoswana zikachepera matani 460,000 usodzi uchepetsedwe. Pomanga lamuloli zinthu zisanavute, andale adadzimanga manja okha, ndipo mkangano wa chaka ndi chaka udachepa.

Vuto lina lidali kuba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akuluakulu a ku Norway adayerekeza kuti pafupifupi matani 100,000 a cod ankaphedwa chaka chilichonse osalembedwa, n'kusamutsidwira m'sitima zina panyanja pomwepo kupita kumadoko a ku Ulaya. Nsomba yobedwa imapweteka kawiri: imachepetsa gululo ndiponso imasokoneza masamu a ofufuza. Kuyambira 2007, madoko a ku Ulaya adayamba kukana nsomba zowumitsidwa ndi chisanu zomwe dziko la eni sitima silidatsimikize kuti zili mkati mwa mlingo, ndipo kubako kudachepa kwambiri. Izi zidakumana ndi mwayi wa tiana tambiri tobadwa mu 2004 ndi 2005, moti mu 2013 mlingo udafika matani 1 miliyoni.

Komwe zidalephereka

Tsidya lina la nyanja ya Atlantic, kufupi ndi chilumba cha Newfoundland ku Canada, kudali gulu lina lalikulu la cod. Sitima za maiko ambiri zidalisakaza, ndipo mu 1968 zidapha matani pafupifupi 800,000. Canada itatenga ulamuliro wa madziwo mu 1977, akatswiri ake adadalira kwambiri zomwe sitima zikuluzikulu zinkagwira. Koma sitimazo zidali ndi makina opezera nsomba, ndipo zinkadzazabe makoka pothamangitsa timagulu totsala. Asodzi a mabwato ang'onoang'ono a m'mphepete adachenjeza kuti nsomba zikuchepa ndi kuchepera msinkhu, koma mawu awo sadamveke msanga. Pa 2 Julayi 1992 nduna yoona za usodzi, John Crosbie, idalengeza kutsekedwa kwa usodziwo. Anthu pafupifupi 30,000 adataya ntchito. Chiletso chomwe ankati nchazaka ziwiri chidakhala zaka 32, ndipo pomwe chinkachotsedwa mu 2024, mlingo udali matani 18,000 okha. Madzi akatayika saoleka.

Chitsanzo cha nsomba ya mackerel ya kumpoto chakummawa kwa Atlantic chikuonetsa kulephera kwa mtundu wina. Kumeneko sayansi ilipo, ndipo maiko amafufuza limodzi pansi pa ICES. Koma nsombayi itayamba kufika yambiri m'madzi a Iceland chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, maiko adakanika kugwirizana za kagawidwe. Iceland, zilumba za Faroe, Norway, Britain ndi bungwe la European Union akhala akudziikira milingo yawoyawo, ndipo ikaphatikizidwa imaposa malangizo a akatswiri chaka ndi chaka. Mu 2019 bungwe la Marine Stewardship Council lidaimitsa chiphaso chomwe chinkatsimikizira ogula kuti nsombayi imaphedwa mosamala. Dziko la Norway lomwe lasunga pangano ndi mdani wake pa cod lalephera kumvana ndi ena mwa abwenzi ake pa mackerel. Kusiyana kwake nkwakuti pa cod kagawidwe kadatha kale mu 1976, pamene pa mackerel aliyense akuopa kuti akadziletsa, mnzake ndiye adyerere.

Mgwirizano pa mayeso

Mu Malichi 2022, bungwe la ICES lidaimitsa akatswiri a ku Russia kutenga nawo mbali pa ntchito zake, ndipo mu 2024 dziko la Russia lidalengeza kuti likutulukamo. Akatswiri a ku Bergen ndi ku Murmansk adakhazikitsa gulu lawolawo lomwe limawerengetsa ndi njira zomwe zija n'kupereka malangizo mwachindunji ku komiti ya maiko awiriwa. Dziko la Norway lidatseka madoko ake kwa sitima za Russia, koma lidasiya atatu, Tromsø, Båtsfjord ndi Kirkenes, otsegukira sitima za usodzi zomwe zimachitidwa chipikisheni.

Dongosololi lili ndi chofooka chake. Kale ntchito ya akatswiri a maiko awiriwa inkaunikidwanso ndi anzawo a maiko ena m'bungwe la ICES, ndipo zomwe zidachitika ku Newfoundland zikuonetsa kufunika kwa diso lachitatu. Izi zikuchitika pa nthawi yomwe gulu la cod likuchepa chifukwa kwa zaka zingapo tiana sitidapulumuke tambiri, pamene nsomba zobadwa mu 2004 ndi 2005 zidatha kale. Madzi a nyanjayi akutenthanso, ndipo nsomba zikusintha malo okhala. Sitima za mbali imodzi zikalephera kufufuza dera lake chaka china, mpata umenewo sungadzatsekedwenso, chifukwa nyanja ya chaka chatha palibe angaibwerere.

Luso lomweli lidafika kuno

Njira zowerengera nsombazi zidafika m'nyanja za mu Africa kudzera m'sitima ya kafukufuku yotchedwa Dr Fridtjof Nansen, yomwe dziko la Norway lidapereka kuti izigwira ntchito mogwirizana ndi bungwe la FAO la United Nations. Sitima yoyamba ya dzinali idayamba ntchito mu 1975, ndipo yomwe ilipo pano, yachitatu, idayamba mu 2017. Imayendetsedwa ndi bungwe la ku Bergen lomwe lija, ndipo imanyamula akatswiri a maiko omwe ikufufuza m'madzi awo, kuphatikizapo Mozambique, Tanzania, Angola ndi Namibia.

Dziko la Namibia litalandira ufulu mu 1990 lidapeza nyanja yake itasakazidwa ndi sitima za maiko akutali, ndipo kafukufuku wa sitimayi adalithandiza kuika milingo yoyamba. Poti nsomba za m'derali nazonso zimadutsa malire, maiko a Angola, Namibia ndi South Africa adasainirana pangano mumzinda wa Benguela mu 2013 loti aziyang'anira limodzi zamoyo za m'nyanja yawo. Nkhaniyi imafika mpaka m'mbale za anthu a maiko opanda nyanja yamchere. Karapau yemwe amatsitsidwa padoko la Walvis Bay ku Namibia amayenda pamalole a mafiriji kupita ku Zambia, Congo, Mozambique ndi maiko oyandikana nawo, komwe ndi ndiwo yotsika mtengo ya mabanja ambiri a m'tauni. Kupezeka kwake ndi mtengo wake zimadalira, mwa zina, mlingo womwe boma la Namibia limaika potsatira kafukufuku wa panyanja.

Ku Barents, ku Newfoundland ndi ku Benguela funso ndi limodzi: kodi boma lichita chiyani akatswiri akabwera ndi chiwerengero chotsika? Kusaina mlingo wa matani 1 miliyoni sikudavute aliyense mu 2013. Mlingo wa matani 340,000 udatanthauza sitima zokhala padoko ndi mafakitale ochepetsa antchito m'maiko awiri omwe sakhulupirirana pa china chilichonse, ndipo onse adauvomera chifukwa akatswiri awo adali m'sitima zomwe zidauwerenga.